Ankati Ndinamudyetsa Mwamuna Wanga

1

Mukafika ku Kafue Estates n'kufunsa amayi akale za mkazi amene anapengetsa mwamuna wake ndi mankhwala a chikondi, adzakulozerani nyumba yanga ndi milomo. Musataye nthawi yanu kuwafunsa. Mkaziyo ndine, dzina langa ndi Tinenenji, ndipo ndati ndikuuzeni ndekha, chifukwa m'tauni muno nkhani imalowa m'kamwa mwa munthu ili kansomba ka kapenta n'kutulukamo ili ng'ona.

Atate anga anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo ine ndinakulira m'komboni ya pafupi ndi siteshoni. Ndinakwatiwa ndi Lighton, makanika wa makina oluka pa fakitale ya nsalu. Anali mwamuna wofatsa, wa manja onunkha girisi. Mowa sankamwa, fodya sankamuyandikira n'komwe, chifukwa fumbi la thonje linamusiyira chifuwa cha mphumu. Kampani inatipatsa nyumba ku Estates, ndipo m'nyumba imeneyo munabadwira mwana wathu woyamba, Fridah.

Lighton analibe makolo. Amayi ake anamwalira iye ali kusukulu. Za atate ake, banja lonse linkanena mawu amodzimodzi ngati ana oimba ndakatulo: anagundidwa ndi sitima ali pantchito, Lighton akadali wokwawa. Amene anamulera anali mlongo wake wamkulu, ba Agatha a ku Nangongwe, komboni ina ya m'tauni momwemuno.

Ba Agatha muwadziwe bwino. Anali mtsogoleri wa amayi kumpingo, duku loyera ngati mkaka, ndipo akamapemphera ankakweza mawu kuti anthu a nyumba yachitatu adziwe kuti iwo ndi Mulungu amadyera mbale imodzi. Tsiku loyamba kundiona anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu ngati nsomba yogona.

"Ndiye uyu, Lighton?" anatero. "Chabwino. Mulungu amalenga zosiyanasiyana."

Ine ndinagwada n'kuwomba m'manja. Alangizi anali atandiphunzitsa kuti mlamu wolera mwamuna wako ndi apongozi.

2

Boma latsopano litalowa, linatsegula malire kuti aliyense agulitse chimene akufuna. Mabelo a salaula, zovala zakunja zovalidwa kale, anasefukira pamsika wa Kafue. Ndani akanagulanso nsalu ya kufakitale pamene jekete la mzungu linkapezeka pamphasa? Ba Agatha anali m'gulu la oyamba kutsegula sitolo ya salaula, ndipo anayamba kunenepa khosi.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, Lighton analowa m'nyumba atanyamula ovolosi yake m'pulasitiki. Anakhala pampando osavula nsapato.

"Amake Fridah, atichotsa," anatero. "Akuti makina achuluka kuposa ntchito."

Kuyambira pamenepo mwamuna wanga anayamba kufota. Tulo sankaona. Nshima ankangoitsina n'kusamba m'manja. Chifuwa chinkalira ngati mluzu wa ketulo. Ankakhala pakhonde kuyang'ana utsi wa fakitale ya feteleza, ngati kuti kumeneko kungatuluke munthu wodzamuitana.

Ba Agatha anabwera Lamlungu lina atachoka kutchalitchi, Baibulo kukhwapa.

"Muli shani, ba mulamu?" anandipatsa moni osandiyang'ana. Kenako anatembenukira kwa mlongo wawo. "Iwe Lighton, mwamuna sakhala pa nyumba monga nkhuku yofungatira mazira. Uzibwera ku msika uzinithandiza kunyamula mabelo. Nizakusamalira nekha, poti ena zawakanga."

Ena olepherawo ndinali ine.

Lighton anayamba kupita kumsika m'mawa uliwonse, ndipo zinthu zinasintha msanga. Ankabwera madzulo ali ndi njala ya fisi, n'kumaliza nshima yake ndi ya mawa yomwe. Ankagona ngati mwala. Ankaseka ndi tinthu tosaseketsa, ngakhale nkhuku ikangodutsa pakhomo. Maso ake ankafiira, koma ine ndinkati ndi fumbi la mabelo.

Mudziwe uchitsiru wanga. Ndinagwira tambala wanga wamkulu, n'kukwera naye minibasi mpaka ku Nangongwe, kukathokoza ba Agatha chifukwa chondidzutsira mwamuna. Analandira tambalayo, anamuyeza kulemera ndi dzanja, n'kunena kuti, "Ni mapemphero chabe, mwana wanga."

3

Choyamba kuthawa chinali kukumbukira zinthu za tsiku ndi tsiku. Ndikamutuma makala, ankabwera chimanjamanja n'kundifunsa ngati ndaphika. Ankandifunsa funso, ndikayankha, ankagwedeza mutu, kenako n'kufunsanso lomwelo. Chodabwitsa n'chakuti za kale ankazikumbuka zonse. Akanatha kukutchulirani zitsulo zonse za makina ake oluka, chimodzichimodzi, koma osadziwa ngati wasamba m'mawa umenewo.

Nthawi imeneyo ndinali ndi pakati pa mwana wachiwiri. Loweruka lina ndinadzuka ndi chizungulire, ndipo Lighton anati atenga Fridah kumsika kuti ine ndipume. Mwanayo anali asanayambe sukulu. Ndinamuveka diresi lake lachikasu, ndipo ananyamuka atagwirana manja.

Madzulo Lighton analowa yekha, akuimba kanyimbo.

"Fridah ali kuti?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana modabwa. "Fridah? Si ali na iwe?"

"Atate ake Fridah, musasewere naine. Mwapita naye ku msika."

"Ine? Sinamutenge ine."

Sankanama. Ndinaona m'maso mwake kuti m'mutu mwake munalibe ngakhale mthunzi wa mwanayo. Ndinathamanga wopanda nsapato, mimba ili patsogolo, mpaka mumsewu waukulu wa ku Lusaka umene malole amadutsa ngati mphepo. Ndinafuula dzina la mwana wanga pamsika ponse. Ba Agatha anali atatseka kale sitolo. Anthu ankangondiyang'ana, ena akutafuna nzimbe.

Ndinakamupeza pokwerera minibasi, atagona pachitenje cha mayi wina wogulitsa chimanga chootcha. Mayiyo anati bamboyo anamukhazika mwanayo pamwala, n'kumuuza kuti adikire, kenako anakwera minibasi osacheuka.

Titafika kunyumba, Lighton anaona diresi lachikasu lija. Anagwada pansi n'kumukumbatira mwanayo.

"Amake Fridah," ananong'ona, "mu mutu mwanga muli mabowo. Zinthu zingogweramo."

Ndinamuuza kuti Lolemba tipite kuchipatala. Koma Lamlungu ba Agatha anamva, ndipo anabwera ndi yankho lawo.

"Chipatala cha chani? Uyu mwana namulera nekha, sanadwalepo mutu. Izi zayamba mu nyumba muno."

4

Kenako kunabwera mantha. Lighton anayamba kunena kuti akumva makina oluka akulira m'khoma la kuchipinda, ndipo pakati pa phokosolo pali mawu omutchula dzina. Wailesi ikamanena nkhani, ankaithimitsa msanga, akuti owerengawo akumunena iyeyo mophiphiritsa. Woyandikana naye nyumba akatsokomola, iye ankati ndi chizindikiro.

Tsiku lina ndinamuikira nshima ndi nsomba ya mumtsinje wa Kafue, imene ankaikonda. Anainunkhiza n'kukankha mbale.

"Waikamo chani?"

"Mchere na tomato. Chinanso n'chani?"

"Usaniyese mwana. Ba sisi aniuza zonse. Ufuna nikhale chitsiru chako."

Kuchokera tsiku limenelo sanalawenso chakudya cha m'manja mwanga, ngakhale madzi. Ankadya ndi kumwa kwa mlongo wake basi. Ba Agatha anamugulira fulasiki yofiira, ndipo ankabwera nayo kunyumba ataikumbatira ngati khanda, kuti akamva ludzu asakhudze kapu yanga.

Masiku omwewo kunamveka mbiri yakuti nyumba za ku Estates zigulitsidwa kwa anthu okhalamo. Ba Agatha, amene kale ankatiyendera mwa apo ndi apo, anayamba kubwera kawirikawiri. Ankayenda m'zipinda akugogoda makoma ndi chala, akuyang'ana denga.

Lachinayi lina anafika ndi amayi anzawo a kumpingo, onse m'mayunifomu. Anati abwera kudzapempherera nyumba. Pemphero lake linali lotsegula masutikesi anga, kugudubuza matiresi, ndi kusuzumira m'miphika. Atasowa chimene ankafuna, mmodzi anatulutsa mikanda yanga ya m'chiuno, imene alangizi anandipatsa ndikulowa m'banja. Anaikweza m'mwamba pakhomo kuti anthu a mumsewu aone.

"Onani! Si izi?"

Amayi akuluakulu, ena a zidzukulu, amene mukanawagwedeza pang'ono m'chiuno mwawo mukanamva mikanda ikulira pansi pa yunifomu, anagwira pakamwa ngati aona njoka. Anaimba nyimbo yothamangitsa Satana n'kumapita, atamwa tiyi wanga ndi kumaliza shuga.

Mawa lake kumpopi kunalibe wondipatsa moni. Ndikafika, ankachotsa zidebe zawo ngati ndili ndi khate. Mkazi wina amene mwamuna wake ankagona kumabala sabata yonse anandifunsa monong'ona kuti ndimuuze sing'anga wanga.

5

Zinafika pachimake m'mawa wina. Lighton anavala ovolosi yake yakale, anatenga sipanala yaikulu, n'kupita pageti la fakitale ya nsalu ija. Anayamba kumenya getilo akufuula kuti makina akumuitana, akuti anthu awatsekera m'kati ndipo akufa ndi njala. Alonda anamugwetsa pansi n'kumumanga ndi chingwe. Pamene ndinkafika, khamu linali litazungulira, ena akuseka. Amenewo anali anzake omwe anachotsedwa naye ntchito tsiku limodzi.

Tinapita naye kuchipatala cha odwala maganizo ku Lusaka, ine ndi ba Agatha, titakhala uku ndi uku ngati anthu osadziwana. Tinaonana ndi dokotala wachimayi, wa imvi pang'ono. Atamvetsera zonse, anafunsa kuti, "Kodi bambowa amasuta chamba?"

Ba Agatha anadumpha pampando. "Ba dokota, ise ndise banja la Chikhristu!"

Apa pokha ndinagwirizana nawo. Ndinati mwamuna wanga sangapirire ngakhale utsi wa mbaula.

"Nanga m'banja mwanu munakhalapo wina wodwala chonchi?"

"Kulibe," anayankha ba Agatha mwachangu. "Funsani mkazi wake zimene amuphikira."

Dokotalayo sanatengeke. Anati akufunsa chifukwa zizindikirozo zikufanana. Anatifotokozera kuti m'chamba muli mankhwala ambiri, koma alipo amodzi amphamvu amene amapita ku ubongo n'kukakhala m'malo amene ubongo unakonzera timadzi take tomwe. Akakhala pamenepo, mbali imene imasunga zinthu zatsopano imagwira ntchito mwaulesi, n'chifukwa chake munthu amakumbuka za ubwana wake koma n'kuiwala za m'mawa. Mankhwala omwewo amachititsa ubongo kuona tanthauzo pamene palibe, mpaka chifuwa cha mnzako chimasanduka chiwembu. Anati muli mankhwala enanso amene amaoneka kuti amaziziritsa oyambawo, koma chamba chaukali chimakhala nawo ochepa.

"Ambiri amasuta osafika apa," anatero. "Koma amene m'magazi mwawo muli kale matendawa ali ngati udzu wouma. Kamoto kakang'ono n'kokwanira. Ndipo chodya kapena chakumwa chimakhalitsa m'thupi kuposa chosuta."

Ba Agatha ankangoyang'ana pawindo, akupukusa chikwama chawo pamiyendo.

Lighton anagonekedwa. Patapita masabata angapo, mwamuna wanga anayamba kubwerera. Maso anayera. Makina anasiya kulira. Tsiku lina ndinamupititsira mbatata yophika, ndipo anaidya yonse kuchokera m'manja mwanga, akulira.

6

Tsiku lotuluka, ba Agatha anandichenjerera. Anafika m'mamawa ndi galimoto ya mnzawo, ndipo pamene ine ndinkatsika minibasi ku Lusaka, iwo anali atafika naye kale ku Nangongwe. Ananditumizira uthenga wakuti banja lagwirizana kuti Lighton akhale kwa mlongo wake, kutali ndi miphika yanga, ndipo ine ndisapondeko.

Mwezi usanathe, anthu anayamba kumuona Lighton akuyankhula yekha pamsika, fulasiki yofiira kukhwapa. Munthu wanzeru akanafunsa kuti, ngati mkazi ndiye ankamudyetsa, bwanji wadwalanso ali kutali naye? Koma nzeru ku Kafue zinachotsedwa ntchito limodzi ndi amuna athu. Anati mankhwala anga ndi oopsa kwambiri, amagwira ngakhale patali ngati wailesi.

Kenako ankhoswe anabwera kudzandiuza kuti Loweruka kuli bwalo kwa ba Agatha. Banja likufuna ukwati uthe, ine ndibwerere kwa atate anga, ndipo nyumba iyang'aniridwe ndi mlongo wa wodwalayo.

Lachisanu m'mawa, nthawi imene ndinkadziwa kuti ba Agatha ali kumapemphero, ndinapita ku Nangongwe. Ndinkangofuna kumuona mwamuna wanga ndisanamulandidwe. Ndinamupeza atakhala kuseri kwa nyumba, akuyang'anitsitsa nyerere. Sanandithamangitse. Anayang'ana mimba yanga nthawi yaitali.

"Uli na pakati?" anafunsa. "Kuyambira liti?"

Ndinalowa kukhitchini kuti asaone misozi yanga. Pambaula panali kampoto ka mkaka kotsala pang'ono, ndipo pambali pake sefa ya tiyi yosatsuka. Mkakawo unali wobiriwirako, mafuta akuyandama pamwamba. M'sefamo munali masamba a tiyi, inde, komanso tinthu tina tobiriwira ndi tinjere tozungulira totuwa.

Ndinanunkhiza. Pansi pa fungo la tiyi ndi shuga wambiri panali fungo limene mwana aliyense wokulira kusiteshoni amalidziwa. Ndi fungo limene linkachokera kuseri kwa mabogi akale a sitima, kumene amayi ankatiletsa kupita.

Ndinafuna kutenga sefayo n'kuthamanga nayo mumsewu ndikukuwa. Koma ndinadzifunsa kuti, ndani angakhulupirire mfiti itanyamula sefa? Akanati ndaikamo ndekha. Ndinabwezera zonse mmene zinalili, ndinamupukuta Lighton kumaso ndi chitenje changa, n'kubwerera kwathu.

7

Loweruka masana pabalaza pa ba Agatha panadzaza. Panali amalume ake a Lighton, ba Davies, nkhalamba yopuma ntchito ya njanji. Panali ankhoswe a mbali zonse, atate anga, ndi amayi awiri a kumpingo aja. Panalinso Dennis, mwana woyamba wa ba Agatha, amene ankaphunzira zamalamulo ku yunivesite. Anamuitanitsa kuchokera ku Lusaka kuti adzandiopseze ndi Chingerezi. Lighton anakhala pakona, fulasiki yake pamiyendo. Ine anandikhazika pansi pamphasa.

Ba Agatha anayankhula nthawi yaitali, akupukuta maso ouma ndi mpango. Atamaliza, ba Davies anati, "Amake Fridah, muli na mawu?"

"Nili na pempho limodzi chabe," ndinatero. "Mwanena kuti nimamudyetsa. Manje papita nthawi osadya vanga. Nipempha kuti tiyi uyo ali mu fulasiki, ba mulamu athireko aliyense pano alaweko. Mukamwa, nizanyamula katundu wanga lero lomwe."

Ba Agatha anaseka mokweza kwambiri. "Mwamva chipongwe? Tiyi wa wodwala timwe ise?"

"Muli chani mu tiyi?" anafunsa atate anga.

"Mkaka na masamba! Chinanso n'chani?"

Dennis anaimirira akukonza tayi. "Ba mami, musataye nthawi na anthu osaphunzira. Ni tiyi chabe. Lekani nimwe, nkhani ithe."

Anatenga fulasiki m'manja mwa Lighton, anathira m'chivindikiro mpaka kudzaza, n'kuchikweza kukamwa.

Sindinadziwe kuti munthu wonenepa chonchija angauluke. Ba Agatha anadumpha tebulo n'kumenya dzanja la mwana wawo. Tiyi anamwazikira pakhoma ndi pa yunifomu ya mayi wina.

"Usamwe!" anakuwa. "Dennis, usamwe! Uli na magazi a agogo ako iwe!"

Fungo lija linadzaza chipinda chonse. Ba Davies ananyowetsa chala patebulo, ananunkhiza, n'kutseka maso.

"Agatha," anatero mwapansipansi. "Chamba? Iwe, amene unaona atate ako?"

"Atate ake anagundidwa na sitima," anatero atate anga.

Nkhalambayo inapukusa mutu. "Palibe sitima inagunda munthu. Mulamu wanga anayamba kusuta ku makampu a njanji. Mutu unasokonekera. Anayenda maliseche mu tauni muno, ndipo anakafera ku chipatala cha amisala. Tinabisa kuti ana asasowe owakwatira. Agatha anali mtsikana wamkulu, ndiye anali kumupelekera chakudya."

Ba Agatha anakhala pansi, duku litagwa. Anayamba kulakatika. Anati poyamba unali mankhwala chabe, mayi wina wa kumtsinje anawauza kuti masambawo akawiritsidwa mumkaka amatsegula chifuwa ndi kubweretsa tulo. Kodi sanagone? Kodi sanadye? Kodi mkazi wake yemwe sanabweretse tambala?

"Nanga ataiwala mwana pa msewu?" ndinafunsa. "Nanga dokota atakuuzani pamaso panga? Munabwera naye kuno n'kuyambanso kumuphikira."

Anandiyang'ana ndi maso amene anali nawo tsiku loyamba lija.

"Nyumba ija ni ya mlongo wanga," anatero. "Namulera nekha ine. Iwe unabwera na sutikesi chabe."

Kuchokera pakona kunamveka mawu aang'ono. Anali a Lighton.

"Ba malume, mwati atate sanagundidwe na sitima?"

Ndinadzuka pamphasa popanda wondiuza, ndinamugwira dzanja, n'kutuluka naye. Amayi a kumpingo aja anatipatsa njira, mitu ili pansi ngati akufuna singano.

8

Lighton anabwereranso kuchipatala, ndipo ulendo uno ndinamuuza dokotala zonse, za tiyi ndi za atate ake. Anati tikanamuuza poyamba, zambiri zikanapeweka. Anandichenjezanso kuti moto ukagwira udzu, kuchotsa machesi sikuzimitsa. Mwamuna wanga amamwa mapiritsi mpaka lero. Amakonza makina osokera a matelala a pamsika, ndipo manja ake sanaiwale kanthu. Nyumba tinagula. Mwana wachiwiri anabadwa wamwamuna, tinamutcha Maybin.

Atate anga ankafuna kuti tipite kupolisi. Lighton anakana. Anati munthu amene anamusambitsa ali mwana sangamuone m'ndende. Sindinalimbane naye, koma pakhomo panga ba Agatha sapondapo, ndipo ana anga sadya kanthu kochokera kwa iwo, ngakhale switi. Dennis anamaliza sukulu n'kukhazikika ku Kitwe. Ndimamva kuti akabwera kudzaona amayi ake, amafika atadya kale.

Mukuganiza kuti ba Agatha anachita manyazi? Anasowa kutchalitchi masabata owerengeka, kenako anabwera ndi umboni wakuti Satana anawayesa koma anamugonjetsa. Anthu anawomba m'manja. Duku lidakali loyera. Mwa amayi onse amene anakweza mikanda yanga pakhomo, palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzati pepa. Nkhani ya mkazi wodyetsa mwamuna ndi yokoma kuposa ya mtsogoleri wa amayi wophika chamba, ndiye anasunga yokomayo.

Inu owerenga, makamaka inu amene mumathamangira kuloza chala mkazi mwamuna akangoyamba kuyankhula yekha, ndikufunseni. Kodi munayamba mwafunsapo chimene chinapha agogo anu? Mabanja athu amakwirira misala ngati mphaka akukwirira zake, kenako mwana amakula osadziwa kuti kwa iye chamba chimene anzake amaseweretsa ndi phompho. Dokotala akakufunsani za m'banja mwanu, si miseche. Muuzeni zoona. Ndipo inu amene mumati ndi masamba chabe, mankhwala a makolo, pitani mukaone anthu amene ndinawaona m'chipatala muja, akufunsa anamwino dzina la mwana wawo yemwe.

Chaka chonse chija Lighton sachikumbuka. Chinagwera m'mabowo aja ndipo sichinatulukenso. Atachira, tsiku lina tikukonola chimanga pakhonde, anandiuza kuti anthu amamuuza kuti anandizunza, ndipo akufuna kupepesa, koma sakudziwa kuti apepese chiyani.

"Uniuze vonse, amake Fridah," anatero. "Usasiye kanthu."

Ndinamuuza za nshima imene ankakankha, za geti la fakitale, za bwalo la ku Nangongwe. Anapepesa chimodzichimodzi, misozi ikugwera m'lichero. Fridah ankasewera pafupi, akuchiluka tsitsi chidole chake. Atate ake anamuyang'ana n'kumwetulira.

"Koma uyu sinamulakwire, eti?"

"Iyayi," ndinatero. "Uyu simunamulakwire."